Madzi a mu Ogasiti ndi Pepala Limene Ndinakana Kusaina

Ana anga, mwandifunsa kangapo chimene chinatichotsa m'nyumba ya ku Chamboli, ija inali ndi mtengo wa mapeyala kuseli, n'kukakhala m'zipinda ziwiri za lendi ku Ndola. Amai anu amakuyankhani kuti atate anu anakangana ndi abwana awo chifukwa cha madzi ozizira. Yankho limenelo si labodza, koma ndi lalifupi. Popeza tsopano ndinapuma pa ntchito, ndipo mabuku anga a miyezo akadali m'katoni pansi pa bedi, ndaganiza zolemba nkhaniyi mwadongosolo, kuti aliyense wa inu aweruze yekha ngati ndinachita bwino kapena ayi.

1986: Ntchito yoyamba

Nditalandira dipuloma ya zoyeza madzi, kampani ina ya mgodi ku Kitwe inandilemba ntchito m'labotale yake. Atate anga, amene anachokera ku Katete, kum'mawa kwa dziko, ali wachinyamata n'kugwira pansi pa mgodi mpaka chifuwa chinawakana, anakondwa kwambiri kuti mwana wawo azigwira ntchito pamwamba, atavala chovala choyera. Ntchitoyo inabwera ndi nyumba ya ku Chamboli, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: nyumba ndi ya ntchito, ntchito ikatha makiyi abwezedwe.

Mwa ntchito zimene anandipatsa, imodzi inali yoyang'anira madzi a damu la kalabu ya ogwira ntchito, kunja kwa tauni. Linali damu lalikulu ndithu, moti munthu ataima tsidya lina sunkamuzindikira nkhope. Lolemba lililonse ndinkapalasa njinga kupita kumeneko, kutunga madzi m'mabotolo oti ndikayeze majeremusi, ndi kufufuza m'bango ngati muli nkhono za likodzo. Pakutha pa mwezi, kapena pakakhala mpikisano, ndinkasaina pepala lokhala ndi mzere umodzi wokha wofunika, wakuti madziwa ndi oyenera kusambiramo. Popanda pepala limenelo, ofesi yoona za chitetezo sinkalola munthu kulowa m'damu.

Pa damupo ndinapeza woyang'anira maboti, Ba Lwendo, munthu wachikulire wa mtundu wa Alamba amene anabadwira m'dera lomwelo damu lisanamangidwe. Ngakhale ndinali wa msinkhu wa mwana wawo, ankanditcha mwaulemu kuti Ba Sakala, ndipo tinkalankhulana Chibemba monga zinkakhalira kunja kwa nyumba. Ndinaona msanga kuti anali ndi chizolowezi chachilendo. Asanatsegule geti ya osambira, ankapalasa boti mpaka pakati, n'kuviika mkono wonse kufika paphewa. Nditawafunsa, anandiuza kuti pa zaka zawo anavuulapo amuna angapo amene analephera pakati pa damu, ndipo chimene chinkawadabwitsa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anali woledzera kapena wosadziwa kusambira. Onse anali amuna amphamvu a pansi pa mgodi, ndipo onse analephera mu Ogasiti kapena mu Seputembala, dzuwa likuwala bwinobwino. Anthu ankati pakati pa damu pamakhala chitapo, mzimu wa m'madzi umene umakoka amuna miyendo. Ba Lwendo ankaseka, n'kumati chitapo chogwira ntchito miyezi iwiri yokha pa chaka ndiye kuti chili pa kontilakiti.

Nthabwala imeneyo inandikhala m'mutu. Ku koleji anatiphunzitsa zambiri za ukhondo wa madzi, koma za kutentha kwake anangotiuza kuti tizilemba nambala pakona ya fomu. Ndinayamba kudzifunsa kuti n'chiyani chimene chimachitika m'madzi pa miyezi iwiriyo, chimene mkono wa Ba Lwendo unkamva koma fomu yanga sinkafunsa.

1987 mpaka 1992: Mabuku a miyezo

Zaka zimenezo zinali za kusowa. M'labotale munali themomita, choyezera kutentha, imodzi yokha yabwino, ndipo mkulu wa labotale ankaitsekera m'dirowa ngati ndolo za mkazi wake. Itasweka, tinadikira ina miyezi yambiri, chifukwa zinthu zoitanitsa kunja zinkabwera movuta. Yanga ndinaipeza ku Ipusukilo, kwa munthu wina wojambula zithunzi amene ankayezera mankhwala otsukira mafilimu, ndipo anali atatseka bizinesi chifukwa mapepala a zithunzi anasowa. Ndinaiyesa m'madzi a ayezi ndi m'madzi ofunda pambali pa ya kuchipatala, n'kupeza kuti inkalakwitsa ndi theka la digiri, ndipo theka limenelo ndinkalichotsera nthawi zonse.

Vuto lachiwiri linali la mmene ndingatungire madzi a pansi osasakanikirana ndi a pamwamba. Apa nzeru inali ya tonse awiri. Tinatenga botolo la mowa lopanda kanthu, n'kulimangirira mwala, n'kulitseka ndi chitsononkho cha chimanga chokhala ndi kachingwe kakekake. Chingwe chachikulu tinachimanga mfundo pa mita iliyonse. Botolo likafika pamene tikufuna, ndinkakoka kachingwe, chitsononkho n'kutuluka, thovu n'kukwera, kenako n'kulivuula mofulumira n'kuviikamo themomita. Ndinkayeza malo atatu: pa jeti pamene maboti ankakocheza, pakati pa damu pamwamba, ndi pakati pomwepo mita ziwiri pansi. Palibe amene anandituma. Anzanga a m'labotale ankati ndikufuna kudzakhala dokotala wa nsomba.

Chaka choyamba sindinaone kanthu kooneka. Chaka chachitatu, nditafanizira masamba a mabuku, ndinayamba kuona kuti madzi ali ndi kalendala yawoyawo, imene imatsalira m'mbuyo mwa kalendala ya mpweya. Ife timamva chisanu kwambiri mu Juni ndi kuchiyambi kwa Julaye, pamene timavala majuzi n'kumaothera mbaula. Koma damu limataya kutentha pang'onopang'ono, ndipo limafika pozizira kwenikweni kumapeto kwa Julaye ndi kuchiyambi kwa Ogasiti, nthawi imene masana ayamba kale kufunda ndipo anthu avula majuzi. Pamenepo mphepo ya Ogasiti imavundula madzi, moti pakati pa damu pamwamba ndi pansi zimafanana. M'buku langa masabata amenewo ndinkalemba madigiri 16 kapena 17 pakati. Koma pa jeti, pamene madzi amalekeza m'mawondo, pansi pali matope akuda, ndipo bango limatchinga mphepo, pofika 14 awazi, 2 koloko masana, ndinkapeza 21. Munthu woyesa madzi ndi phazi pa jeti ankanamizidwa ndi damu lomwelo.

Mu Seputembala mphepo ikaleka, pamwamba pamapangika kachikopa ka madzi ofunda, kokhuthala ngati utali wa mkono. Wosambira atagona chafufumimba amamva bwino, koma akangoima kuti apume, miyendo imatsikira m'madzi a mu Julaye amene akadali pansi. Ndinaganiza kuti chitapo chokoka miyendo chija mwina n'chimenechi. Kumapeto kwa Okutobala madzi ofunda amakhala atatsika kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo mu Novembala ndinkapeza 25 kapena 26 paliponse pamene wosambira angafike. Mvula ikabwera madzi amakhalabe ofunda koma amada, ndipo Januwale wina ndinakanapo kusaina chifukwa cha majeremusi. Palibe anatsutsa, popeza litsirolo aliyense ankaliona ndi maso. Chimene chinandidabwitsa koposa ndi Epulo ndi Meyi. Mpweya ukayamba kuzizira anthu ankasiya kubwera, chonsecho madzi anali ofunda, oyera ndi odekha kuposa nthawi ina iliyonse. Tinkasiya kusambira madzi akadali ofunda, n'kuyambiranso akadali ozizira.

Panatsala funso la amuna amphamvu aja. Nambala yokha sinkandiuza chimene madigiri 16 amachita ku thupi, choncho Ogasiti wina ndinalowamo ndekha nditagwirira m'mphepete mwa boti, Ba Lwendo atagwira wotchi. Mphindi yoyamba mpweya unandikana, ndinkangoukoka osatha kuutulutsa bwino. Kenako thupi linakhala ngati lazolowera, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Patapita mphindi khumi, Ba Lwendo anandipatsa chingwe chokhala ndi mfundo yosavuta kuti ndimasule. Ndinkaiona mfundoyo, ndinkadziwa kamasulidwe kake, koma zala sizinandimvere. Ndinaganizira za anthu a pansi pa mgodi, amene amakhala maola asanu ndi atatu m'kutentha koti malaya amafinyidwa, matupi awo ataphunzira kutaya kutentha msanga, ambiri opanda mafuta m'thupi. Mphamvu zimene zimawathandiza pansi sizikanawathandiza m'madzi amenewa. Sindinali dokotala, ndipo izi ndinazilemba m'buku ngati maganizo chabe.

Chaka chilichonse kalabu inkachititsa mpikisano wowoloka damu, Loweruka loyamba la Novembala. Palibe amene ankadziwa chifukwa chake tsikulo linasankhidwa. Ba Lwendo ankati amene anauyambitsa anafunsa asodzi. Ine ndinali wokondwa kuti mabuku anga akugwirizana ndi asodziwo.

Julaye 1993: Ba Mwansa

Chaka chimenecho gawo la zamasewera ndi chisamaliro cha ogwira ntchito linalandira mkulu watsopano, Ba Mwansa. Ndikufuna muwamvetse bwino, chifukwa sanali munthu woipa. M'miyezi itatu anakonzetsa denga la kalabu limene linadontha zaka zisanu, ndipo anapezera Ba Lwendo nkhafi zatsopano. Anali Mbemba wa ku Kasama, ine wa kum'mawa, choncho pakati pathu panali chimbuya, chibale chija chonyozana mwanthabwala chimene mumachidziwa. Akandiona ankafunsa ngati mbewa zakololedwa bwino chaka chino, ine n'kuwafunsa ngati anyani a kwawo atsalako, popeza iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife n'kumawaseka kuti amadya anyani. Tinkaseka, ndipo ndinkaganiza kuti chimenechi chipangitsa ntchito kukhala yopepuka. Sindinaone kuti pa chimbuya mawu alionse angathe kulandiridwa ngati nthabwala, ngakhale amene sunanene mwanthabwala.

Pakati pa Julaye anandiitana n'kundiuza kuti akuluakulu a ku likulu la kampani abwera ndi alendo akunja sabata yoyamba ya Ogasiti, ndipo iwo aganiza zosuntha mpikisano wowoloka damu kuti alendowo adzaone. Anali atalembetsa kale amuna oposa makumi atatu. Chimene ankafuna kwa ine chinali pepala lija basi. Ndinawafotokozera za kalendala ya madzi, ndinatsegula buku, ndinawasonyeza mizere ya Ogasiti wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anamvetsera akumwetulira, kenako anati anthu a kum'mawa timaopa madzi chifukwa kwathu kulibe mitsinje, timangodziwa kukumba maenje a mbewa. Anawonjeza kuti iwo eni anapita pa damu dzulo lake masana, anavula nsapato pa jeti, ndipo madzi anali ofunda ngati tiyi wa mlendo.

"Ba Mwansa, pano sindikuchita chimbuya," ndinatero. "Pa jeti ndi madzi ena, pakati ndi madzi ena."

"Damu limodzi, madzi awiri? Ba Sakala, mwamwa chiyani lero?"

Ndinapempha kuti tiyese ndi munthu mmodzi tsiku lisanafike, boti lili pambali pake, ndipo ngati awoloka bwino ndidzasaina. Anavomera mosavuta, chifukwa anali otsimikiza za zotsatira. Anasankha okha wosambira, amene anapambana mpikisanowo katatu konse ndipo anali m'gulu lopulumutsa anthu pangozi za pansi pa mgodi. Ameneyo anali Fidelisi, mlongo wa amai anu, malume anu. Ndinakondwa ndi chisankhocho. Ndinaganiza kuti mulamu wanga, munthu amene tinkadyera pamodzi Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa, sangakhale ndi chifukwa chobisira choonadi.

Ogasiti 1993: Kuyesa ndi pepala

Tinayesa Lachinayi, mpikisano uli Loweruka. Kunja kunali kowala, kamphepo kakuomba, ndipo pa jeti themomita inasonyeza 21. Ba Mwansa anaiona nambalayo n'kundiyang'ana. Iwo anatsala pa jeti. Ine ndi Ba Lwendo tinalowa m'boti, Fidelisi tinamumanga chingwe m'chiuno, ndipo iye anaseka n'kufunsa ngati tikupita kukagulitsa mbuzi.

Chiyambi chinali chokongola. Fidelisi ankasambira ngati munthu amene akuyenda pamsewu wa kwawo. Titatuluka m'bango kulowa pamene mphepo imafika, ndinamva akukoka mpweya mwamphamvu kawiri katatu, koma anapitiriza. Ndinaviika themomita: 16. Patapita mphindi zingapo ndinaona kuti mikono yake yayamba kufupika, sikutulukanso bwino m'madzi, ndipo miyendo ikutsika. Ndinamufunsa ngati ali bwino, iye anagwedeza mutu. Titangodutsa mtengo wouma umene unaima m'madzi pafupi ndi pakati, anayamba kukhota, kulowera kumene kunalibe gombe. Ba Lwendo anamutambasulira nkhafi kuti agwire. Dzanja lake linafika pa nkhafiyo n'kutsetsereka. Linafikanso kachiwiri n'kutsetserekanso. Pamenepo Ba Lwendo sanafunse aliyense, anakoka chingwe, ndipo awirife tinamukwezera m'boti. Milomo yake inali yotuwa, ndipo tinabwerera kugombe atafunda bulangeti limene ndinabwera nalo.

Kuchokera pa jeti, Ba Mwansa anangoona boti likuima ndi munthu akukwezedwa. Titakocheza anamufunsa Fidelisi kuti madzi ali bwanji. Fidelisi anachotsa bulangeti, anaimirira mowongoka, n'kuyankha akuyang'ana kumbali.

"Madzi ali bwino, bwana. Mulamu ndi amene anachita mantha, anandikoka ndisanatope."

Ba Lwendo anayesa kunena. Anati, "Amenshi nayatalala sana, mukwai," kutanthauza kuti madzi ndi ozizira kwambiri. Koma Ba Mwansa anawayankha mwaulemu kuti kwa munthu wa zaka zawo madzi onse ndi ozizira. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti pangano linali pangano, wosambira wanena yekha, pepala lifike pa desiki yawo mawa m'mawa. Ndinayang'ana Fidelisi, koma iye anali kale pa njinga.

Madzulo a tsikulo ndinakhala pakhonde ndi amai anu, pepala lili pa mawondo. Muyenera kudziwa kuti kusaina sikukanakhala bodza lenileni. Pepalalo linapangidwa chifukwa cha majeremusi ndi likodzo, ndipo m'nyengo yozizira madzi a damu ankakhala aukhondo kuposa nthawi ina iliyonse. Amai anu anandikumbutsa zimenezo. Anati palibe amene anandilemba ntchito yoyeza kuzizira, themomita ndinagula ndekha, ndipo ngati mlongo wawo wanena kuti anali bwino, ine ndine yani kuti ndimutsutse. Anandikumbutsanso kuti mphekesera za kuchepetsa antchito zinali ponseponse, kuti ana ndinu atatu, wachinayi ali m'njira, ndipo munthu amene wachititsa manyazi abwana pamaso pa alendo sakhala nthawi yaitali m'nyumba ya kampani. Zonsezi zinali zoona. Ndinangonena kuti mzere wa pa pepala sukunena kuti madzi ndi aukhondo, ukunena kuti ndi oyenera kusambiramo, ndipo amuna amene adzalowe Loweruka adzalowa chifukwa dzina langa lili pansi pa mzere umenewo.

Amai anu anafunsa kuti osambira adzakhala angati. Ndinati oposa makumi atatu. Anafunsa kuti maboti ndi angati. Ndinati awiri.

"Fidelisi anali ndi boti lakelake," anatero pang'onopang'ono. "Ndi chingwe." Anaimirira n'kutenga mbale zimene ankatsuka. "Chitani zimene mabuku anu akunena. Koma musadzandiuze kuti nyumba ino sinali kanthu."

Lachisanu m'mawa ndinabweza pepalalo losasaina, pamodzi ndi kalata yofotokoza miyezo ndi zimene ndinaona m'boti. Dzina la Fidelisi sindinalilembe, ndinangoti wosambira woyesera. Ndinaperekanso njira ziwiri: mpikisano uchitikire m'mbali mwa gombe, pamene munthu angathe kuima, kapena asinthe ukhale wopalasa maboti. Ba Mwansa anawerenga kalatayo mpaka kumapeto. Anati alendo sabwera kuchokera kutali kudzaona amuna akuluakulu akuyenda m'matope. Anandifunsa komaliza ngati ndisaina, ndipo nditakana anati, "Zikomo, Mista Sakala." Chiyambire sanali atanditchulapo choncho. Za mbewa sanazitchulenso.

Popanda pepala, ofesi ya chitetezo inaletsa mpikisanowo. Alendo anaonetsedwa kwaya ndi mpira. Ku Chamboli nkhani inafala kuti Sakala wa m'labotale waimitsa mpikisano chifukwa cha botolo la mowa ndi chitsononkho, ndipo m'minibasi anthu ankandifunsa kuti lero tiyi ali pa madigiri angati. Fidelisi anasiya kubwera Lamlungu.

Patapita masabata asanu ndi limodzi, mndandanda wa ochotsedwa ntchito unatuluka, ndipo dzina langa linalipo. Ndalingalira nkhaniyi zaka zambiri ndipo sindingathe kukuuzani motsimikiza kuti chinali chilango. Mayina anali ambiri, ndipo ena anali a anthu amene sanakanganepo ndi aliyense. M'labotale tinalimo atatu a dipuloma, ndipo mmodzi ankayenera kuchoka. Komano sindinali womaliza kulembedwa ntchito, ndipo akuluakulu a magawo ankafunsidwa maganizo mndandanda usanatsekedwe. Sindingathenso kukuuzani kuti Loweruka lija munthu akanamira. Mwina onse akanawoloka, akunjenjemera koma amoyo, ine n'kukhalabe ndi nyumba. Chovuta cha ntchito yoletsa ngozi n'chakuti ikatheka sipakhala choonetsa.

Okutobala 1993: Kusamuka

Ku Ndola ndinapeza ntchito m'fakitale ina ku Heavy Industrial Area, yoyeza madzi a m'maboila, matanki owiritsira madzi, ndipo ndinagwira kumeneko zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mpaka kupuma. Inali ntchito yabwino, ya madzi otsekeredwa m'mapaipi, amene satsatira nyengo. Zaka zoyamba zinali zowawa, ndipo aakulu mwa inu mukukumbukira kugona anayi pa mphasa imodzi. Zimenezo ndidzazisiya, chifukwa munaziona nokha. Chimene simunaone ndi chimene chinachitika kuseli kwa lole tsiku losamuka.

Linali Loweruka lotentha, ndipo tinali titayamba kukweza katundu pamene Fidelisi anafika. Sanapereke moni wautali. Anavula malaya, anagwira mbali imodzi ya kabati yathu yaikulu, ine mbali ina, n'kuinyamula mpaka kuseli kwa lole. Titaitsitsa kuti tipume, anayang'ana ngati mlongo wake ali pafupi, kenako analankhula motsitsa.

"Mulamu, tsiku lija nkhafi ndinkaiona. Dzanja ndi limene silinkaimva."

Ndinati ndikudziwa, ndinali pomwepo. Anati chimene sindikudziwa n'chifukwa chake ananama. Munthu wa m'gulu lopulumutsa anzake, anatero, zikangolembedwa penapake kuti thupi linamukana, amatumizidwa kwa dokotala wa kampani. Kumeneko amayeza mtima, amayeza chifuwa, ndipo akafuna kupeza kanthu amakapeza. Akakuchotsa m'gululo, sipapita nthawi asanakuchotsenso pansi pa mgodi, ndipo chaka ngati chimenecho wochotsedwa pansi ndiye woyamba pa mndandanda. Anati ataima pa jeti paja, anaona ana ake asanu, ndipo pakamwa panayankha pokha. Anaganiza kuti ine ndingosaina, Loweruka iye adzanamizira chimfine, nkhani n'kutha. Za amuna ena makumi atatuwo anati anaziganizira atafika kale kunyumba.

"Mukafuna, Lolemba ndipita kwa Ba Mwansa ndikanene," anatero.

Ndinaima nditagwira kabati, ndikuwerengera monga mwa chizolowezi changa. Akanena, mwina Ba Mwansa akanachita manyazi n'kundilankhulira, pakuti sanali munthu wouma mtima. Mwinanso ayi, popeza mndandanda unali utasainidwa kale ku likulu. Chimenecho chinali chokayikitsa. Chosakayikitsa chinali chakuti mawu a Fidelisi akanalembedwa, ndipo akanakafika kwa dokotala. Ndikanaika nyumba yake pangozi yotsimikizika pofuna kuombola yanga imene mwina inali itapita kale. Mkwiyo ndinali nawo, sindikubisirani, ndipo unatenga zaka kuti uthe. Koma pa nthawi imeneyo chimene chinatulukira pamwamba pa mkwiyowo chinali funso limene linandivutitsa chiyambire tsiku loyesa lija, limene munthu mmodzi yekha akanatha kuliyankha.

Ndinamufunsa kuti zala zinasiya kumva tili pati. Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anaganiza, n'kunena kuti tisanafike pa mtengo wouma uja, mwina mikono makumi awiri m'mbuyo mwake. Ndinakwera m'lole, ndinamasula katoni ya mabuku, ndinapeza tsamba la Lachinayi lija pamene ndinalemba nthawi imene tinadutsa mtengowo, ndipo m'mphepete mwake ndinawonjeza ndi pensulo: madigiri 16, munthu wamphamvu, zala zinaleka pa mphindi ya chisanu ndi chitatu. Dzina sindinalembe.

Nditatsika ndinamupeza akudikirabe yankho.

"Lolemba mupite ku shifiti yanu, mulamu," ndinatero. "Gwirani uko, kabatiyi ndi yolemera."

Malume anu anagwira pansi pa mgodi zaka zina khumi ndi zinayi, ndipo ana awo onse asanu anamaliza sukulu ali m'nyumba yomweyo. Mwezi wathawu ndinapita ku Kitwe kukawapempha chilolezo choti ndilembe zimenezi, ndipo anavomera, anangopempha kuti mlongo wawo akamawerenga iwo asakhale pafupi. Amai anu aziwerenga koyamba pano, pamodzi ndi inu.